Ireland ndi Springboks ku Dublin: Farrell ayike ndani pa 10, nanga benchi ikhale 5-3 kapena 6-2?

Wa ku Chilomoni:

Akuluakulu a rugby muno, tiyeni tiikambe timuyi kochi wa Ireland Andy Farrell asanaitulutse. Loweruka likubwerali, pa 22 Novembala 2025, Ireland ikulandira South Africa, ma Springboks, pa Aviva Stadium ku Dublin. Mwezi uno Ireland inayamba motsimphina kenako n'kuwongoka: inagonja 26-13 kwa New Zealand ku Chicago, inagonjetsa Japan 41-10 koma itavutika chigawo choyamba, kenako inaswa Australia 46-19. Jack Crowley ndiye anayamba pa 10, malo a fly-half, masewero awiri oyambawo, a Australia anayamba Sam Prendergast. Ma Springboks nawo akubwera atakwapula France 32-17 ku Paris, chonsecho chigawo chachiwiri chonse anasewera opanda Lood de Jager amene anaona khadi lofiira. Ku Dublin sanapambaneko chiyambire 2012, ndiye kochi wawo Rassie Erasmus akubwera ndi njala.

Mafunso anga ndi atatu. Pa 10 ayambe ndani? Benchi ikhale 5-3 (akutsogolo asanu, akumbuyo atatu) kapena 6-2? Nanga Mack Hansen, ndi ma try ake atatu aja pa Australia, asiyidwe pa 15, malo a fullback, popeza Hugo Keenan adakali wovulala? Musangotchula mayina, perekani zifukwa.

Madala a ku Limbe:

Achimwene, za nambala 10 ndi zomwe zimadzaza nyuzi za ku Ireland, koma ine ndiyambira funso lanu lachiwiri, chifukwa ma Springboks amapha timu pa scrum ndi pa benchi.

Tiyeni tiwerengere. Pa benchi pamakhala anthu 8. Atatu mwa iwo lamulo linasankhiratu: 16 ndi hooker, 17 ndi loosehead, 18 ndi tighthead. Munthu wosaphunzitsidwa saloledwa kulowa mu mzere wakutsogolo wa scrum, khosi lingathyoke. Ndiye kochi amasankha asanu okha. Mu 5-3 amatenga lock mmodzi, wa mzere wachitatu mmodzi, ndi akumbuyo atatu, amene ndi scrum-half, fly-half ndi wina wothamanga kunja. Mu 6-2 wachitatu wakumbuyoyo amatsala, m'malo mwake mumalowa chimunthu china chakutsogolo. Pabwalo zikutanthauza izi: akutsogolo amayamba 8, choncho 5-3 ikukakamiza atatu kumaliza mphindi 80 zonse, 6-2 awiri, 7-1 mmodzi yekha. Ireland ili ndi anthu awiri amene angamalize 80 ndi ma Springboks osatsika liwiro, Tadhg Beirne ndi Caelan Doris. Wachitatu ine sindikumuona. Wina anena kuti mu Seputembala 2023 ku Paris South Africa inabwera ndi 7-1, Ireland ili ndi 5-3, ndipo Ireland inapambana 13-8. Zoona, koma usiku uja Manie Libbok ndi Faf de Klerk anaphonya mipira inayi ya pa golo, mapointi 11 anapita m'madzi. Musamange nyumba pa mwayi umenewo.

Tsono scrum yeniyeniyo. Tighthead, nambala 3, mutu wake umalowa pakati pa hooker ndi loosehead a timu inayo, ndiye amasenza anthu awiri. Akabwerera phazi limodzi, scrum yonse imapotoka. Tadhg Furlong ntchito amaidziwa, koma ali ndi zaka 33 ndipo akatumba akhala akumuvuta. Mphindi 50 kapena 55 zamukwanira. Ndiye amene wavala 18 asewera mphindi 25 mpaka 30 motsutsana ndi hooker watsopano ndi loosehead watsopano, pa nthawi imene mpira umagamulidwa. Pamenepa ine nditenga Finlay Bealham, osati Thomas Clarkson. Clarkson amanyamula mpira bwino ndipo tsogolo ndi lake, koma Bealham wakumana ndi mitu yambiri ndipo akapanikizidwa amadziwa kutsitsa msana n'kuima, osagwa.

Chinanso chimene oonera ambiri sachiona: mphamvu ya tighthead imachokera kwa lock amene ali kumbuyo kwake. Joe McCarthy, yemwe ndi wolemera kwambiri, kulibe, wavulala phazi. Ndiye malo amenewo ndi a James Ryan, ndipo Beirne akhale kuseri kwa loosehead. Mukatembenuza awiriwa Furlong atsala yekha.

Kumanzere vuto ndi lodziwika. Andrew Porter ndi wamphamvu, amatha mphindi 70, koma oyimbira anamuika kale m'mutu kuti amatulutsa chiuno kunja n'kukankhira m'kati, mutu kulunjika pachifuwa cha tighthead, chigongono chili pansi. Woyimbira Wayne Barnes anamulangira zomwezi pa kotafainolo ya World Cup ya 2023 imene anagonja 28-24 kwa New Zealand. Woyimbira amajambula chithunzi m'mutu pa ma scrum awiri oyamba, ndipo chikajambulidwa sichifufutika msanga. Tighthead wa Springboks, Thomas du Toit kapena Wilco Louw, angofunika kuima mowongoka n'kumusiya Porter adzionetse yekha.

Zikavuta zimayenda motere. Penate pa scrum. Amamenyera mpira kunja mamita 40, lineout n'kukhala yawo. Amapanga maul, wina wa Ireland amaigwetsa, penate ina. Woyimbira amachenjeza kaputeni. Pafupi ndi mzere ma Springboks satenga mapointi atatu, amasankha scrum ina, poti lamulo la 2024 linangoletsa kusankha scrum pa free kick, pa penate n'zololedwabe. Scrum yachitatu ikagwa, khadi lachikasu kwa prop. Ndiye pa scrum yotsatira mukakamizidwa kulowetsa prop wina n'kutulutsa munthu wosalakwa, kawirikawiri flanker, ndipo mukankha anthu 7 motsutsana ndi 8. Mapeto ake ndi penalty try, mapointi 7 opanda kumenya. Nambala 10 wanu nthawi yonseyi wangoima chiimire, manja m'chiuno, kaya ndi Crowley kaya Prendergast.

Ine benchi yanga: Rónan Kelleher, Paddy McCarthy, Bealham, Iain Henderson, Jack Conan, Cian Prendergast, Craig Casey, Crowley.

Nambala 9 wa ku Ndirande:

Madala, za scrum mwalasa, sindiwonjezerapo. Koma 6-2 mwaigulitsa ngati ilibe chilema. Tikumbutsane Twickenham, Malichi 2024. Farrell anapita ndi 6-2, kumbuyo kuli Conor Murray ndi Ciarán Frawley basi. Mphindi zisanu zoyamba Calvin Nash anagundidwa mutu n'kutuluka, Frawley analowa. Chigawo chachiwiri Frawley nayenso anatuluka ndi mutu. Murray analowa pa 9, ndipo Jamison Gibson-Park, munthu amene amayendetsa liwiro la timu yonse, anakathera ku wing. Anagonja 23-22 ndi drop goal ya Marcus Smith, Grand Slam yachiwiri yotsatizana inathera pomwepo. Malichi chaka chino anabwereza 6-2 ndi France ku Dublin, anadya 42-27. Ndikuvomera kuti ku Marseille mu 2024 inagwira, 38-17, koma akumbuyo onse anapirira tsiku limenelo. Masiku ano aliyense wokayikiridwa mutu amatuluka mphindi 12 kukayezedwa, ndipo akumbuyo ndi amene akugundana m'mwamba pa mipira yowakha. Anthu awiri sakwanira kuphimba malo 7.

South Africa imachita zimenezi chifukwa ili ndi anthu osinthasintha. Kwagga Smith anachokera ku sevens, angathe kuthamanga kunja. André Esterhuizen ndi centre koma chaka chino akumulowetsa ngati flanker. Ireland munthu wotere alibe. Kutengera mnansi kaphikidwe ulibe nkhuni zake, nsima imatuluka yosapsa.

Tsono pa 10. Tiyeni tinene zimene aliyense amachita, osati kumene amachokera.

Prendergast, wobadwa 2003, anayamba kusewerera Ireland mu Novembala 2024. Chuma chake chili m'manja ndi ku phazi. Amabwera nawo mpira mpaka pamphuno pa otchinga, n'kuutaya mochedwa komanso mowongoka, kudumpha anthu awiri. Amamenya mpira wozungulira uja umene umauluka patali n'kutsika mwadzidzidzi, ndipo 50:22 amaipeza, ngati imene anamenya ku Cardiff mu Febuluwale. Kwa amene angoyamba kuonera: ukamenya uli m'chigawo chako, mpira n'kudunda m'bwalo kenako kutulukira m'kati mwa 22 ya adani, lineout imakhala yanu. Ubwino wina ndi woti ku Leinster amayeserera tsiku ndi tsiku motsutsana ndi chitetezo cha Jacques Nienaber, kochi wakale wa Springboks, chomwe ndi chija chothamangira munthu chimene ma Springboks anatengera World Cup. Akudziwa kuti wa ku wing amalowa m'kati kudzatseka, ndipo mpata umatsala kuseri kwake. Mpira wodumphitsa kapena womenyera wing molunjika ndi umene umatsegula chitseko chimenecho.

Vuto lake aliyense akulidziwa, kugwetsa munthu. Amaima mowongoka, amagwira ndi manja m'malo moika phewa. Mu Meyi Northampton inagonjetsa Leinster 37-34 pa bwalo lomweli, ndipo Henry Pollock anamudutsa ngati palibe munthu. Mpira ukamayenda mungathe kumubisa, kumutumiza kumbuyo kukadikira mipira yomenya. Koma pa lineout ndi pa scrum, gawo loyamba, nambala 10 amaima pamalo pake ndipo aliyense akudziwa pomwe ali. Damian de Allende kapena Jasper Wiese amutumiziridwa pomwepo. Ngakhale atamugwira, apita naye mamita atatu kapena anayi, ruck, mkangano wa pampira munthu akagwa, n'kukhala yachangu, akutsogolo a Ireland n'kumathamanga chobwerera. Kuti mumuteteze, flanker amayenera kuyandikira, 12 nayenso kuyandikira, ndipo mzere wonse umafupika. Kunja ndiye kumatsala Cheslin Kolbe ndi malo.

Crowley, wa Munster, wobadwa 2000, anasewera mphindi iliyonse ya Six Nations ya 2024 imene anatenga chikho. Amagwetsa munthu ndi phewa, amathamanga nawo yekha, ndipo mtima wake sunjenjemera: drop goal imene inatulutsa Leinster 16-15 mu semifainolo ya URC, ligi imene matimu a ku Ireland amasewera, mu 2023 inali yake. Chilema chake ndi phazi la m'masewero. Nthawi zina mpira umatuluka osadunda, nthawi zina umapita patali kwambiri othamangira osafikapo, ndipo kuwapatsa ma Springboks mpira wotere n'kudziitanira mavuto.

Ine ndiyamba ndi Crowley. Mphindi 25 zoyamba zidzakhala zogundana basi, ndipo Ireland ikufunika kufika pa 55 isanatsalire ndi mapointi oposa 7. Prendergast alowe anthu atatopa, mipata itayamba kuoneka. Benchi 5-3, Casey, Prendergast ndi centre mmodzi.

Madala a ku Limbe:

Aise, Twickenham ndaivomera. Koma masewero a France mwawadula pakati. Tsiku lomwelo France inali ndi 7-1. Scrum-half wawo Antoine Dupont anaduka mtsempha wa bondo chigawo choyamba, Maxime Lucu, wakumbuyo yekhayo pa benchi, analowa. Kenako centre Pierre-Louis Barassi anatuluka, ndipo flanker Oscar Jégou anakaima pa centre n'kugoletsa try. Zonse zimene mukuziopa zinawachitikira iwowo, n'kupambanabe ndi mapointi 15, chifukwa akutsogolo atsopano analowa pamodzi n'kuiphwanya Ireland. Masewero amenewo akuchitira umboni ine, osati inu.

Achemwali a ku Namiwawa:

Abambo inu mwakangana za scrum ndi 10, mwasiya chinthu chimene chavuta Ireland kwambiri mwezi uno. Ku Chicago ndi pa Japan lineout inali kudontha, ndipo masewero onse a Ireland amayambira pamenepo. Njira zawo zokonzeratu, zija za anthu atatu kutsogolo wina kuseri, zimafuna mpira woyera wa pa lineout. Ukasowa, nambala 10 aliyense amaoneka wosadziwa.

Anthu mpira ukatayika amaloza hooker. Kawirikawiri wolakwa si iye. Lineout ili ndi zigawo zinayi: woitana, amene amayang'ana pomwe adani aima n'kusankha malo; onyamula awiri; wodumpha; ndi woponya. Woponya amataya mpira wodumphayo asananyamuke, akulunjika pamalo opanda munthu. Wonyamula wakumbuyo akachedwa theka la sekondi, wodumpha safika pamwamba, mpira umadutsa, ndipo pa TV zimaoneka ngati hooker waponya mopyola. Mpira wa kutsogolo, pafupi ndi mzere wa mamita asanu, ndi wosavuta kuutenga koma ndi woipa kwa akumbuyo, chifukwa scrum-half amaponya mtunda wautali ndipo otchinga amakhala atafika kale. Mpira wa kumchira, chakumamita 15, ndi wabwino kuukira koma ukuuluka nthawi yaitali, mphepo ndi mvula zimaugwira. Ma Springboks amakupatsani dala wa kutsogolo, n'kuika Eben Etzebeth pakati ndi wina wamtali kumchira. Mukavomera kumangotenga wa kutsogolo, mwapambana lineout koma mwataya masewero.

Mankhwala ake ndi kuchulukitsa odumpha. Ndi Ryan, Beirne ndi Ryan Baird pa 6 muli ndi atatu enieni, Doris wachinayi. Adani sangatseke malo anayi ndi magulu awiri onyamula. Baird ndiye sindikambirana n'komwe, ndi amene wakhala akuba mipira ya adani mwezi uno, ndipo lineout itawongoka pa Australia iye anali pakati pake. Kwinaku afupikitse mzere, anthu anayi kapena asanu, aponye msanga adani asanakonzeke. Lamulo latsopano likuthandiza: mpira ukapotoka pang'ono koma adani osadumpha, woyimbira amausiya.

Pali nkhani ina yoseketsa koma yeniyeni. RG Snyman, lock wa Springboks, amasewera ku Leinster, amamva zizindikiro za Dan Sheehan ndi Ryan sabata iliyonse. Erasmus anaphunzitsa Munster. Jerry Flannery, kochi wa chitetezo wa Springboks, anali hooker wa Ireland. Felix Jones, kochi wawo wina, anali fullback wa Ireland. Paul O'Connell, kochi wa akutsogolo a Ireland, ayenera kusintha maitanidwe sabata ino, ndipo maitanidwe atsopano ndi amene amasokoneza onyamula. N'chifukwa chake sindingalowetse munthu wachilendo mu mzere umenewu, ngakhale atakhala kuti akuwala ku timu yake.

Pa hooker ayambe Sheehan, palibe mkangano. Koma Kelleher asamuchedwetse. Iyeyu pa scrum ndi wolimba, ndipo ndi amene anayamba ku Durban mu Julayi 2024 pamene anapambana 25-24 ndi ma drop goal awiri a Frawley, Sheehan atavulala bondo ku Pretoria sabata yapitayo. Alowe limodzi ndi tighthead watsopano, mphindi ya 52 kapena chapompo, kuti awiriwo agwirane kuyambira scrum yoyamba.

Mzere wachitatu ndi pomwe pali chisankho chovuta. Pa Australia Doris anasewera 7, Conan 8, ndipo zinaoneka bwino. Zimakupatsani anthu atatu akuluakulu onyamula mpira. Koma Josh van der Flier akakhala wachira, ine ndimubweza pa 7, Doris abwerere pa 8. Chifukwa chake ndi ruck. Ireland imafuna mpira utuluke pasanathe masekondi atatu, ndipo zimatengera amene wafika koyamba munthu akagwa. Malcolm Marx, hooker wa Springboks, akaika manja pa mpira miyendo itatambasuka, simumuchotsa, mwina ndi thirakitala. Muyenera kufika iye asanawerame, ndipo van der Flier ndi amene amafika msanga kuposa onse. Conan akhale pa benchi, alowe pa 50 ali ndi mpweya wonse.

Za 46-19 ija musazitengere pamtima. Chikomekome cha mkuyu. Australia inali kumapeto kwa chaka chachitali, inali itagonja kale kwa England ndi Italy, ndipo lineout yawo inagwa yokha.

Wa ku Chilomoni:

Zikomo nonse. Koma ndikawerenga mayina mukutchulawa, pafupifupi onse ndi a Leinster. Kodi si kukondera kumeneku? A ku Munster amadandaula zomwezi chaka chilichonse. Ndipo la Hansen palibe wandiyankha.

Nambala 9 wa ku Ndirande:

Achimwene, mkangano wa Leinster ndi Munster uli ngati wa Maule ndi Manoma kochi wa Flames akatulutsa mayina, aliyense amawerenga ake okha. Koma onani kapangidwe kake. Ireland ili ndi matimu anayi basi, Leinster, Munster, Ulster ndi Connacht, ndipo bungwe lawo la IRFU silitenga munthu wosewera kunja. Johnny Sexton anamulekerera ali ku Racing 92 kuyambira 2013 mpaka 2015. Simon Zebo atalengeza zopita ku timu yomweyo anamusiya pompo. Mwa matimu anayiwo Leinster ndi imene yatenga URC chaka chino, kuswa Bulls 32-7 ku Croke Park. Kochi wa dziko amakhala ndi osewera masabata ochepa, ndiye amatsamira anthu odziwana kale, 9 ndi 10 a timu imodzi, hooker ndi woitana lineout a timu imodzi. Ichi ndi chimene chikumukokera Prendergast kutsogolo, amamvana ndi Gibson-Park osayang'anana.

Chodetsa nkhawa chenicheni ndi zaka. Bundee Aki ali ndi 35. Gibson-Park, James Lowe, Furlong, Beirne ndi Conan onse ndi a 1992. Peter O'Mahony, Murray ndi Cian Healy anapuma mu Malichi. World Cup ya 2027 ku Australia ikubwera. Koma sabata ya ma Springboks si yoyesera ana, zimenezo zinali za Japan.

Mphunzitsi wa ku Zingwangwa:

Ndiyankhe la Hansen, chifukwa likugwirizana ndi benchi mukukanganirayi.

Ma try atatu aja anali omalizira ntchito ya ena, anali pamalo oyenera n'kulandira. Sakutiuza ngati angathe ntchito ya 15 Loweruka. Kuyambira Novembala 2024 oyimbira analetsa kuperekeza, kuja anzako ankathamanga chobwerera n'kutsekera njira othamangira mpira kuti wowakha awakhe mwamtendere. Pano wothamangira amafika mpaka pa iwe n'kudumpha nawe. Safunanso kuugwira, amangoumenya ndi dzanja limodzi kubwezera kwa anzake. Ma Springboks apanga chimenechi kukhala chida: scrum-half amamenya mpira wokwera wa mamita 25 kapena 30, wokhala m'mwamba masekondi anayi, Kolbe kapena Kurt-Lee Arendse n'kufika nthawi imodzi ndi mpirawo. Wowakha akaugwetsera kutsogolo, ndi scrum yawo, ndipo tabwerera ku zimene a Madala afotokoza. Dublin mu Novembala ndi chiperoni chokhachokha, kamvula kosaleka ndi kamphepo, mpira umakhala ngati sopo.

Keenan ntchito imeneyi ndi yake, amaima pamalo mpira usanamenyedwe. Kulibe. Jamie Osborne, amene anasewera 15 pa masewero awiri a ku South Africa mu 2024, anavulala phewa pa Japan. Ndiye fodya ndi amene ali pamphuno: Hansen akhale pa 15. M'mwamba ndi wolimba mtima ndipo ku Connacht malo amenewa anawasewerako. Chimene ndikuopa ndi kaimidwe. Atatu akumbuyo amayenda ngati chingwe chimodzi, mpira ukapita kumanzere wing wa kumeneko amakwera kulowa mu mzere, 15 amasunthira kumalo kwake, wing winayo amatsika kudzaphimba pakati. Hansen ali ndi chizolowezi cha wing woyendayenda, amakonda kulowa pafupi ndi ruck kukafuna mpira. Akachita zimenezo ali pa 15 mpira n'kulandidwa, kumbuyo kulibe munthu, ndipo Sacha Feinberg-Mngomezulu, uja anagoletsa mapointi 37 yekha pa Argentina ku Durban mu Seputembala, sachedwa kuona bwalo lopanda mwini. Lowe akhale kumanzere chifukwa cha phazi lake lamanzere lotulutsa timu m'mavuto, Tommy O'Brien kumanja chifukwa cha liwiro ndi kuthamangira mipira yokwera.

Pakati ndikufuna Garry Ringrose pa 13 ngati wachira. Malo ovuta kutchinga kuposa onse ndi amenewo, uyenera kusankha m'kaphindi ngati ukwera kukagunda kapena utsetsereka kunja, ndipo iye amawerenga bwino kuposa Robbie Henshaw amene ndi 12 mwachibadwa. Pa 12 pakufunika thupi loimitsa de Allende. Stuart McCloskey anayamba bwino mwezi uno koma akungotuluka movulala, ndiye Aki kapena Henshaw. Aki anayamba kusewerera Ireland mu 2017 pa ma Springboks omwewa, tsiku la 38-3, koma mphindi 80 pa zaka zakezi n'zambiri. Ichi ndi chifukwa china cha 5-3: mmodzi ayambe, wina atenge 23.

Ndipo ndiwakonze pang'ono a Madala. Mwaika Crowley pa benchi ngati kuti 6-2 ikukakamiza kutero chifukwa iye amaphimba 10, 12 ndi 15. Kusinthasintha kwakeko kumagwira ntchito ngakhale atayamba. Wing akavulala, Prendergast alowa pa 10, Crowley apita pa 15, Hansen abwerera ku wing kwawo. Centre akavulala, Crowley asunthira pa 12. Ndiye benchi isakhale chifukwa chomusiyira. Chimene simungachite ndi kusintha 10 mwakufuna kwanu pa mphindi ya 55, chifukwa mukatero mwatsala ndi Casey yekha mphindi 25. Lamulo limalola wotulutsidwa mwakufuna kubwerera ngati wina watuluka chifukwa cha magazi, mutu kapena kuvulazidwa mwa chinyengo, koma munthu akangokoka mnofu yekha, mulibe wolowetsa.

Madala a ku Limbe:

Aphunzitsi, apo mwandigwira, Crowley angathe kuyamba mu 6-2. Komabe ndiyamba ndi Prendergast, pa chifukwa chimodzi: timu imene ikuvutika pa scrum iyenera kusewerera kutali ndi mzere wake. Penate ya pa scrum ikachitikira mu 22 ya adani yangokutayitsani malo. Ikachitikira m'chigawo chanu ndi mapointi atatu kapena maul pakona. Phazi limene limakankha timu mamita 50 ndi lake. Za kugwetsa, van der Flier aime kumchira kwa lineout iliyonse yawo n'kuthamangira m'kati mwa 10, ntchito imeneyo waichita zaka zambiri.

Pa benchi ndisuntha pang'ono. Ngati Ringrose wachira, 6-2 ikhale, poti iye angathe kupita ku wing zitavuta. Ngati sanachire ndipo pakati pali Aki ndi Henshaw, ndilolera 5-3, Henderson atsale, Baird alowe mu lock Ryan akatopa.

Achemwali a ku Namiwawa:

Madala, mwangodzitsutsa. Baird akalowa mu lock Ryan atatuluka, ndani akukankha kuseri kwa Bealham? Beirne ndi Baird onse ndi opepuka, ndipo nthawi imeneyo Snyman akhala atalowa mbali inayo. Mukafuna 5-3, wa 19 akhale lock weniweni wolemera, Henderson, wa 20 Conan, ndipo Cian Prendergast ndi amene atsale. Mukatero Beirne, Doris ndi mmodzi mwa Baird kapena van der Flier amaliza 80. Ine ndisankha Baird amalize, chifukwa mphindi khumi zomaliza lineout imodzi yobedwa pakona ndi yofanana ndi try.

Nambala 9 wa ku Ndirande:

Ndiye tagwirizana pa 1 mpaka 9 ndi pa 11, 14, 15. Pa 10 tili awiri kwa mmodzi, achemwali sananene mbali. A Madala, za 6-2 yanu ndili ndi funso ili. O'Brien wagundidwa mutu pa mpira woyamba wokwera, mphindi yachitatu, Crowley walowa pa 15, Hansen wapita ku wing. Mphindi ya 30 Aki wakoka mnofu. Pa 12 mukuikapo ndani, Casey kapena Conan?